Machinga 735,438, Balaka 438,379: Kodi M'kati mwa Nambala Yaikulu Muli Chiyani?

Kalembera wa anthu ndi nyumba amene anachitika mu Seputembala 2018 anapeza kuti m'boma la Machinga munali anthu 735,438, pamene m'boma la Balaka munali anthu 438,379. Dziko lonse la Malawi linali ndi anthu 17,563,749. Ziwerengerozi anazitulutsa a National Statistical Office, omwe likulu lawo lili ku Zomba.

Ambirife tikaona nambala ya madijiti 6 timangoti ndi yaikulu, n'kupitirira. Ena mpaka amachita nayo mantha, ndipo amalandira chilichonse chimene kakyuleta kapena mnzawo wawauza. Manthawa ali ndi mtengo wake. Mawa lino ena mwa inu mudzakhala aphunzitsi, ena alembi a zachuma, ena asungichuma a banki m'khonde, ndipo mudzasaina pansi pa manambala amene simunawayese.

M'phunziro lino titenga manambala awiri a maboma oyandikanawa ndi kuwaphwanya ndi pensulo ndi pepala basi. Mfundo yake ndi imodzi: khalidwe la nambala silichokera ku kukula kwake, limachokera ku tinambala tating'ono timene taipanga. Mukapeza tinambalato, zina zonse zokhudza nambalayo zimatuluka zokha.

Mawu atatu oyenera kuwadziwa

Factor ndi nambala imene imagawa nambala ina popanda chotsala. Ma factor a 12 ndi 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12.

Prime ndi nambala yoposa 1 imene ili ndi ma factor awiri okha, 1 ndi iyo yomwe. Zitsanzo ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13 ndi 17. Nambala yoposa 1 imene si prime timaitcha composite. Nambala 1 ili payokha, si prime komanso si composite.

Kuti mumvetse msanga, ganizirani za mbande za mitengo. Mbande 12 mungazibzale m'mizere yofanana m'njira zingapo: mizere 2 ya mbande 6, mizere 3 ya mbande 4, ndi zina zotero. Mbande 13 sizilola. Mzere ukhala umodzi wa mbande 13, kapena mizere 13 ya mbande imodziimodzi. N'chifukwa chake 12 ndi composite pamene 13 ndi prime.

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi limati nambala iliyonse ya composite imalembedwa ngati ma prime ochulukitsidwa, ndipo njira yake ndi imodzi yokha. Maziko a lamuloli ali m'buku la Euclid lotchedwa Elements, lolembedwa cha m'ma 300 BC ku Alexandria, ndipo Carl Friedrich Gauss analitsimikiza mwadongosolo mu 1801.

Kuphwanya nambala ya Machinga

Tiyambe ndi 735,438. Tisanagawe chilichonse, tiyeni tiyang'ane madijiti ake.

Dijiti yomaliza ndi 8, choncho nambalayi imagawika ndi 2, ndiye kuti ndi even. Simagawika ndi 5 chifukwa sithera ndi 0 kapena 5. Simagawikanso ndi 4 chifukwa madijiti awiri omaliza, 38, sagawika ndi 4.

Tsopano phatikizani madijiti onse: 7 + 3 + 5 + 4 + 3 + 8 = 30. Popeza 30 imagawika ndi 3, nambala yonse imagawika ndi 3. Koma 30 sigawika ndi 9, choncho nambala yonse sigawika ndi 9. Njirayi si matsenga. 10 ndi 9 + 1, 100 ndi 99 + 1, 1,000 ndi 999 + 1. Zigawo za 9, 99 ndi 999 zimagawika kale ndi 3 komanso 9, ndiye chotsala n'kuyesa madijiti okhawo.

Pa 11 njira yake ndi yosiyana pang'ono. Yambirani kumanja, muzichotsa ndi kuphatikiza mosinthanitsa: 8 − 3 + 4 − 5 + 3 − 7 = 0. Yankho likakhala 0 kapena nambala yogawika ndi 11, nambala yonse imagawika ndi 11.

Tapeza ma prime atatu tisanatuluke thukuta. Tiyeni tigawe:

735,438 ÷ 2 = 367,719
367,719 ÷ 3 = 122,573
122,573 ÷ 11 = 11,143
11,143 ÷ 11 = 1,013

Kodi 1,013 ndi prime? Sitifunika kuyesa manambala onse mpaka 1,012. Ma factor amayenda awiriawiri, wamng'ono ndi wamkulu, ndipo wamng'onoyo sangapose square root ya nambalayo. Popeza 32 × 32 = 1,024, kuyesa ma prime mpaka 31 n'kokwanira. Yesani 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29 ndi 31, muona kuti iliyonse ikusiya chotsala. Choncho 1,013 ndi prime, ndipo:

735,438 = 2 × 3 × 11 × 11 × 1,013

Kuphwanya nambala ya Balaka

Nambala 438,379 ndi yocheperapo, koma ndi youma mutu. Ikuthera ndi 9, choncho ndi odd ndipo sigawika ndi 2 kapena 5. Madijiti ake akupereka 4 + 3 + 8 + 3 + 7 + 9 = 34, ndiye 3 yakana. Pa 11 tikupeza 9 − 7 + 3 − 8 + 3 − 4 = −4, yakananso. Tikagawa ndi 7 patsala 4, tikagawa ndi 13 patsala 6.

Wophunzira wopupuluma angaime pamenepa n'kunena kuti ndi prime. Kumeneko n'kulakwitsa. Popeza 662 × 662 = 438,244 ndipo 663 × 663 = 439,569, munthu sanganene kuti nambalayi ndi prime asanayese ma prime onse mpaka 662. Mwamwayi prime yotsatira yomweyo ikutsegula chitseko:

438,379 ÷ 17 = 25,787

Tsopano ntchito yachepa, chifukwa 161 × 161 = 25,921, ndiye tiyesa ma prime osafika 161. Apa ndi pamene akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira 17, 19, 23, mpaka 101 ndi 103, onse akusiya chotsala. Wolowa ndi 107:

25,787 ÷ 107 = 241

Nambala 241 ndi prime, chifukwa 16 × 16 = 256 ndipo 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13 saigawa. Choncho:

438,379 = 17 × 107 × 241

Nambala yopangidwa ndi ma prime atatu osiyana, aliyense kamodzi, akatswiri amaitcha sphenic. Yaing'ono kwambiri mwa manambala otere ndi 30, yomwe ndi 2 × 3 × 5. Nambala ya Balaka ndi ya banja limodzi ndi 30. Ya Machinga si ya banjali chifukwa ili ndi ma prime anayi osiyana, ndipo 11 wabweramo kawiri.

Onani phunziro loyamba: nambala yaikulu ya Machinga yaphwanyika mosavuta, yaing'ono ya Balaka yatitayitsa nthawi. Kuvuta kwa nambala kumadalira kukula kwa ma prime ake.

Ma factor alipo angati?

Mukakhala ndi ma prime, simufunika kusaka ma factor mmodzimmodzi. Werengani kuti prime iliyonse yabwera kangati, onjezerani 1, kenako chulukitsani mayankhowo.

Pa Machinga, 2 wabwera kamodzi, 3 kamodzi, 11 kawiri, 1,013 kamodzi. Ndiye 2 × 2 × 3 × 2 = 24. Chifukwa chake n'chakuti popanga factor, 2 mungamutenge kapena kumusiya, zomwe ndi njira ziwiri. 11 mungamusiye, kumutenga kamodzi kapena kawiri, zomwe ndi njira zitatu. Ma factor 24 amenewo ndi awa: 1, 2, 3, 6, 11, 22, 33, 66, 121, 242, 363, 726, 1,013, 2,026, 3,039, 6,078, 11,143, 22,286, 33,429, 66,858, 122,573, 245,146, 367,719, 735,438.

Pa Balaka tili ndi 2 × 2 × 2 = 8. Nambala iliyonse ya sphenic imakhala ndi ma factor 8. Apa ndi 1, 17, 107, 241, 1,819, 4,097, 25,787, 438,379.

Tibwerere ku mizere ija. Anthu onse a ku Machinga, kuchokera ku Liwonde, Ntaja, Nsanama mpaka ku Nayuchi, akanatha kuima m'mizere 726 ya anthu 1,013 popanda wotsala. Akanathanso kugawidwa m'magulu awiri, atatu, 6, 11 kapena 22 ofanana ndendende. A ku Balaka, kuchokera ku Ulongwe, Utale mpaka ku Phalula, sakanagawika m'magulu ofanana awiri, atatu, ngakhale 16. Gulu loyamba lotheka ndi 17, kenako 107, kenako mizere 241 ya anthu 1,819.

Zindikiraninso kuti manambala onse awiri si square. Nambala ya square sithera ndi 2, 3, 7 kapena 8, choncho ya Machinga yagwa pomwepo, ndipo ili pakati pa 857 × 857 = 734,449 ndi 858 × 858 = 736,164. Ya Balaka ikuthera ndi 9, dijiti imene square imatha kuthera nayo, koma taona kale kuti ili pakati pa 662 × 662 ndi 663 × 663. Ma prime akunenanso zomwezo: mu square, prime iliyonse imabwera kawiri, kanayi kapena nambala ina ya even.

Yosefukira, yoperewera kapena yokwana ndendende?

Cha m'ma 100 AD, Nicomachus wa ku Gerasa anagawa manambala m'magulu atatu. Phatikizani ma factor onse a nambala kupatula iyo yomwe. Yankho likaposa nambalayo, nambalayo ndi yosefukira, pa Chingerezi abundant. Likachepa, ndi yoperewera, kapena kuti deficient. Likafanana nayo, ndi yokwana ndendende, imene mabuku amaitcha perfect. Chitsanzo ndi 6, chifukwa 1 + 2 + 3 = 6. Zotsatira zake ndi 28, 496 ndi 8,128.

Pa Balaka: 1 + 17 + 107 + 241 + 1,819 + 4,097 + 25,787 = 32,069. Yankholi silikufika n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo khumi a 438,379. Nambalayi ndi yoperewera kwambiri, chifukwa prime yake yaing'ono ndi 17, ndiye factor yake yaikulu yangofika 25,787.

Pa Machinga pali njira yachidule. Nambalayi imagawika ndi 6, choncho theka lake, gawo limodzi mwa atatu ndi gawo limodzi mwa 6 onse ndi ma factor ake. Aphatikizeni:

367,719 + 245,146 + 122,573 = 735,438

Ma factor atatu okha akwanitsa kale nambala yonse, ena 20 asanawerengedwe. Ndiye ndi yosefukira. Izi zimachitika pa nambala iliyonse yogawika ndi 6 yoposa 6. Mukaphatikiza onse 23 mupeza 882,906.

Pa gulu la perfect pali funso limene lakhalapo kwa zaka mazanamazana. Manambala onse a perfect amene apezeka ndi even, ndipo palibe amene wapeza ya odd kapena kutsimikiza kuti kulibe. Manambala osefukira a odd alipo, ndipo woyamba ndi 945.

Manambala awiriwa ali pa ubale wanji?

Balaka linali mbali ya boma la Machinga mpaka 1998 pamene linakhala boma paokha. Koma manambala awo alibe chowalumikiza. Ma prime a Machinga ndi 2, 3, 11 ndi 1,013. A Balaka ndi 17, 107 ndi 241. Palibe wopezeka mbali zonse ziwiri, choncho HCF yawo ndi 1. Manambala otere amatchedwa coprime, ndipo LCM yawo imapezeka pongowachulukitsa: 322,400,575,002.

Yerekezani kuti munthu wakupatsani nambala ya madijiti 12 imeneyi osakuuzani kumene yachokera. Iyi mungaiphwanye chifukwa ma prime ake ndi aang'ono. Koma ikanapangidwa ndi ma prime awiri okha, aliyense wa madijiti mazana, ngakhale makompyuta amphamvu a lero sakanaiphwanya m'nthawi ya moyo wa munthu. Kuchulukitsa n'kosavuta, kubwerera m'mbuyo n'kovuta. Pa kusiyana kumeneku ndi pamene Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anamangapo njira yobisira uthenga yotchedwa RSA mu 1977, imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito poteteza uthenga pa intaneti. Thukuta limene tinatuluka posaka 107 ndi chithunzi chaching'ono cha loko ameneyo.

Chida cha msungichuma

Njira yophatikiza madijiti ija imathandizanso kuyesa masamu a ndalama. Phatikizani madijiti a nambala mpaka patsale dijiti imodzi. Machinga: 30, kenako 3 + 0 = 3. Balaka: 34, kenako 3 + 4 = 7. Mu 2018 maboma awiriwa pamodzi anali ndi anthu 735,438 + 438,379 = 1,173,817. Ngati yankholi ndi lolondola, dijiti yake iyenera kufanana ndi ya 3 + 7 = 10, yomwe ndi 1. Yesani: 1 + 1 + 7 + 3 + 8 + 1 + 7 = 28, kenako 10, kenako 1. Zagwirizana.

Zikapanda kugwirizana, dziwani kuti penapake palakwika. Koma zikagwirizana musagone tulo, chifukwa njirayi siona madijiti osinthana malo. Mlembi akalemba 735,483 m'malo mwa 735,438, madijiti aperekabe 30. Komabe cholakwa chotere chimasiya phazi lake. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndi 45, ndipo madijiti akasinthana malo kusiyanako kumagawika ndi 9 nthawi zonse. Choncho buku la ndalama likasiyana ndi malisiti ndi K45, K270 kapena K1,800, musanayambe kuloza chala mnzanu, yang'anani kaye ngati wina sanatembenuze madijiti polemba. Ubale wa anthu ambiri m'magulu osunga ndalama ungapulumuke ndi kamfundo kameneka.

Munthu mmodzi akanawonjezereka

Pali chenjezo lofunika. Zonse tapezazi ndi khalidwe la nambala, osati la anthu. Kunena kuti 735,438 ndi yosefukira sikutanthauza kuti ku Machinga zinthu zasefukira, ndipo kuperewera kwa 438,379 sikunena kanthu za thonje la ku Balaka. Pa ma factor a Machinga pali 2,026, ndipo wina angayambe kulota kuti pamenepa pali uthenga wa chaka cha 2026. Palibe. Ndi 2 × 1,013 basi. Nambala ilibe mwayi kapena tsoka, ndipo aliyense wokugulitsani nambala yamwayi akukudyerani ndalama.

Umboni wake ndi uwu. Alembi a kalembera akanapeza khanda limodzi lowonjezera ku Ntaja, nambala ikanakhala 735,439. Iyi ndi odd. Mukaigawa ndi 2, 3, 11 kapena 1,013, patsala 1 nthawi iliyonse. Ma prime onse anayi aja achoka, pamene boma ndi lomwe lija, anthu ndi omwe aja. Kwa wokonza mapulani a chitukuko, 735,438 ndi 735,439 n'chimodzimodzi. Kwa wamasamu, ndi manambala osiyana kotheratu.

Kuwonjezera 1 kumeneku ndi kumene Euclid anagwiritsa ntchito posonyeza kuti ma prime satha. Tengani ma prime alionse amene muli nawo, achulukitseni, onjezerani 1. Palibe prime ya pa mndandanda wanu imene ingagawe yankholo, chifukwa iliyonse isiya 1. Ndiye yankholo ndi prime yatsopano, kapena limagawika ndi prime imene simunailembe. Mndandanda uliwonse ndi wosakwanira. N'chifukwa chake kusaka kukupitirirabe. Mu Okutobala 2024, Luke Durant, kudzera mu ntchito yotchedwa GIMPS, anapeza prime ya madijiti 41,024,320. Imapezeka pochulukitsa 2 ndi 2 mnzake maulendo okwanira kuti ma 2 akhale 136,279,841, kenako n'kuchotsa 1.

Chidwi pa manambala si chachilendo kuno ku Africa. Eratosthenes, amene anatisiyira njira yosefera ma prime imene timaphunzira ku sekondale, anabadwira ku Cyrene, m'dziko limene lero ndi Libya. Ndipo pa fupa la Ishango, limene linapezeka mu 1950 pafupi ndi nyanja ya Edward ku Congo ndipo akuti lili ndi zaka pafupifupi 20,000, mzere umodzi uli ndi timizere m'magulu a 11, 13, 17 ndi 19. Akatswiri amatsutsana ngati wosemayo ankadziwa za ma prime, koma awiri mwa manambalawo, 11 ndi 17, ndi omwe atitsegulira Machinga ndi Balaka.

Yesani nokha

Ikani kakyuleta pambali, mugwiritse ntchito pensulo.

1. Bawo ili ndi maenje 32 ndipo amasewera ndi nkhomo 64. Kodi 64 ili ndi ma factor angati, ndipo ndi yosefukira kapena yoperewera?
2. Phwanyani 1998 ndi 2018 kukhala ma prime. Iliyonse ili m'gulu liti mwa magulu a Nicomachus?
3. Sonyezani kuti 17,563,749 imagawika ndi 3 koma osati 9. Kodi imagawika ndi 7?

Mayankho:

1. 64 ndi 2 × 2 × 2 × 2 × 2 × 2, choncho ma factor ake ndi 6 + 1 = 7. Tikaphatikiza 1 + 2 + 4 + 8 + 16 + 32 tipeza 63. Ndi yoperewera ndi 1 yekha.
2. 1998 = 2 × 3 × 3 × 3 × 37. Ili ndi ma factor 16 ndipo ndi yosefukira chifukwa imagawika ndi 6. 2018 = 2 × 1,009. Ili ndi ma factor 4 ndipo ndi yoperewera chifukwa 1 + 2 + 1,009 = 1,012.
3. Madijiti ake akupereka 42, yomwe imagawika ndi 3 koma osati 9. Imagawikanso ndi 7, chifukwa 17,563,749 = 3 × 7 × 836,369.

Mukamaliza, fufuzani chiwerengero cha anthu a m'boma la kwanu pa kalembera wa 2018, muchiphwanye motsata ndondomeko yomweyi: dijiti yomaliza, kuphatikiza madijiti, kuyesa 11, kenako ma prime otsatizana mpaka pa square root. Yesani yankho lanu pochulukitsanso ma prime amene mwapeza, ndipo mukafanizire ndi la mnzanu wa m'kalasi.